Thanki ya Kalavani ndi Kapaipi Kamene Ndinatseka ku Walsall

Tsiku limenelo tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ndiwatchula onse kuti wina asadzawonjezere zake. Panali ine mwini. Panali mayi a kunyumba kwanga, aNangozo. Panali mpongozi wathu aNambewe, amene ndi namwino pa chipatala chachikulu cha kuno. Panali a Zulu, bambo wa ku Zambia wosamalira okalamba, amene amachita lendi chipinda chimodzi m'nyumba ya mwana wanga. Panali mzungu wa nyumba yoyandikana nafe, a Barry, amene anaonera zambiri atatsamira mpanda. Ndipo chakumadzulo kunabwera mwana wanga Limbikani, mwini kalavani. Mwa anthu onsewa, amene anachoka pamalopo ali wouma ndi mzungu yekha.

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndinalekeza sitandade 2, chaka chimene ng'ombe za amalume zinasowa m'busa. Koma mukafika pa msika wa ku Ntcheu n'kufunsa za munthu amene ankakhoma ndowa kuseri kwa ogulitsa kabichi, akulozerani pamene ndinkakhala, ndipo ena akuuzani kuti mawu anga ankamveka mpaka pa depoti. Ndowa, maketulo, mbaula, makheni othirira kudimba, zonsezi zadutsa m'manja mwanga zaka makumi anayi. Mapulasitiki atabwera n'kutilanda msika, anzanga ena anapita kukalira kumudzi. Ine ndinaphunzira kuwamata ndi moto. Chinthu chosunga madzi sichinandigonjetsepo.

Ndiye tangoganizani munthu ngati ameneyu atakhala miyezi itatu kwa mwana wake ku Walsall, ku England, akungouzidwa mawu amodzimodzi: khalani pansi, ababa. Chitseko cha kubafa chikamalira, ndikati nditenge mafuta, akuti khalani pansi, tiuza alandilodi. Chogwirira cha poto chikagwedera, akuti tigula wina. Ndinayesa kunola mipeni pa sitepe ya pakhomo, akuti anthu aitana apolisi. Manja anga anafewa ngati a kalaliki. Ndinafika posilira aNangozo, chifukwa iwo ankaloledwa kusenda anyezi.

Kalavaniyo Limbikani anaigula yakale kwa munthu wina wa ku Tipton. Kwa amene simunaionepo, ndi kanyumba ka matayala kokoka ndi galimoto, mkati muli pogona, kasinki ndi kachitofu. Anaigulira ife makolo ake. Mpingo wathu unali ndi msonkhano wa masiku awiri kunyanja ya ku Wales, anthu onse okagona m'matenti, ndipo iye anati mawondo a amayi ake sangalole kugona pansi. Ulendo unali wa Loweruka. Lachinayi madzulo, akuyesa kuthira madzi, anaona pansi panyowa. Anatukula thabwa la mpando wautali uja umene usiku umasanduka bedi, ndipo pansi pake panali thanki yoyera ya pulasitiki, ya madzi akumwa, itang'aluka pakona yam'munsi. Mng'alu wake kutalika ngati chala changa chamkombaphala.

Anaimbira foni munthu wokonza makalavani, iye anati alibe mpata mpaka masabata awiri. Anaoda thanki yatsopano pa foni pomwepo, koma ogulitsa anati idzafika Lachitatu. Ndiye Limbikani anati palibe kanthu, tingonyamula madzi m'zigubu. Ine ndinatsokomola n'kunena kuti mng'alu ngati umenewo ndinkamata ndisanamwe tiyi.

Iye anati, “Ababa, chonde musakhudze. Pulasitiki wa kuno ndi wina.”

Mawu amenewo anandilowa ngati munga wa kankhande. Mwana amene fizi yake inachokera m'ndowa akundiuza ine za pulasitiki. Mumtima ndinali nditamaliza kale. Ndinati mwana ameneyu akadzabwera kuntchito mawa adzapeza thanki ikusunga madzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo chinthu chikathyoka m'nyumba muno azidzayamba kufunsa ine.

Lachisanu m'mawa Limbikani atangopita ku weyahausi, nyumba yosungiramo katundu kumene amagwira ntchito, ndinavala ovolosi yake yakale, ndinamasula mapaipi ndi malamba, n'kukokera thanki ija pa kapinga kuseri kwa nyumba. ANambewe anali atagona, poti anali atangoweruka shifiti yausiku. A Zulu anali pa ofu, ndipo anatuluka ndi kapu ya tiyi kudzaona. Bambo ameneyu ndi waulemu kwambiri. Chilichonse chimene ndinganene amangoti, “Ni zoona, mudala.” Munthu wotere ndi wokoma kucheza naye, koma patsiku la ngozi alibe phindu.

Ndinayamba ndi guluu amene ndinamupeza m'dirowa ya kukhitchini, kuti ndione ngati za azungu zili ndi nzeru. Ndinapaka, ndinadikira, ndinakanda ndi chikhadabo, guluu yense anasendeka ngati khungu la mbatata yophika. A Zulu anati kwawo madalaivala a minibasi amamata thanki ya petulo ndi sopo wosakaniza ndi shuga. Ndinkadziwa kuti petulo ndi madzi si pachibale, koma ndinalola kuti mlendo asachite manyazi. Tinakanda sopo, tinamata, tinathira madzi pang'ono. Pasanathe mphindi zisanu, pakona paja panayamba kutuluka thovu ngati pakamwa pa ng'ombe yodya chitedze. A Zulu anati mwina shuga wa kuno ndi wofooka.

Ndinati basi, zachibwana zatha, tibweretse moto.

Limbikani ali ndi mbaula yachizungu ya miyendo itatu yowotchera nyama. Ndinasonkha makala, ndinaikapo chitsulo chochotsera matayala ndi msomali umodzi. Tsono chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti pulasitiki ali ndi mafuko ngati anthu. Ena amakwatirana, ena amakanana, ngakhale muwawotche bwanji. Ndinadula kachidutswa ka beseni la aNangozo (m'mphepete mokha, likugwirabe ntchito), ndinayesa pamwamba pa thanki, kanakana. Ndinayesa ka m'phika wa maluwa, kanakana. Ndinayesa ka hang'ala ya zovala, kananunkha ngati tayala n'kukana. Kenaka ndinatenga botolo la mkaka lopanda kanthu, loyera lija la chogwirira. Nditangolisungunula, linanunkha ngati kandulo, chimodzimodzi ndi thanki. Ndinamata, ndinakoka ndi pulayala, linagwira. Ndinakuwa mpaka nkhunda zinathawa padenga.

Vuto linali lakuti botolo linalipo limodzi. Ndinazungulira kumaso kwa nyumba kumene kumakhala mabini, ndinatsegula yathu, munalibe. Ndinatsegula yoyandikana nayo, munali atatu. Ndili mkati movundukula, mutu uli m'bini, ndinamva munthu akutsokomola. Anali a Barry, eni bini. Chingerezi cha a Barry ngakhale Limbikani amachimva theka, ndiye ine ndinangokweza botolo m'mwamba n'kunena kuti “Orayiti.” Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, analowa m'nyumba, ndipo anatuluka ndi buledi wa tchizi pa mbale. Ankaganiza kuti ana anga sandipatsa chakudya. A Zulu ndi amene anawafotokozera, ndipo mzungu uja anaseka, anakatenga mabotolo ena awiri, n'kubwera kudzatsamira mpanda kuti aone. (Buledi ndinadya. Chakudya sichibwezedwa.)

Apa tsono ndi pamene ndikufuna mumvetsere, chifukwa ntchito imene ndinagwira inali ntchito. Mng'alu ukapanda kuutsekera njira umapitirira, ndiye ndinaboola ndi msomali wamoto kumapeto kwake konse kuwiri. Ndinapala ndi mpeni mpaka sopo wa a Zulu yense atachoka. Ndinadula waya wa sefa ya tiyi, ndinauyala pa mng'alu, n'kuukanikiza ndi chitsulo chamoto mpaka unamira mu pulasitiki. Kenaka ndinadula mabotolo aja timizeremizere, n'kumasungunula kamodzikamodzi pamwamba, kusalaza ndi msana wa supuni. Mawondo ankawawa, utsi unkalowa m'maso, chala chachikulu chinapsa, koma sindinadzuke. Chigamba chinatuluka chosalala ngati chipumi cha khanda. A Barry anakweza chala chachikulu m'mwamba, n'kupita kukadziphikira tiyi.

Utsi uja ndi umene unadzutsa mpongozi. Unalowa pa windo, kabelu ka utsi ka kudenga kanayamba kulira, ndipo aNambewe anatsika atamanga chitenje pamwamba pa zovala zogonera.

Ndiyenera kufotokoza za mayi ameneyu. Ndi wa ku Dedza, ndipo analeredwa. Wakhala ku England zaka zoposa khumi, kuchipatala amalamula ngakhale azungu, koma pamaso panga sanaimepo chilili. Moni amandipatsa atagwada chapatali, ndipo akakhala ndi mawu oti andiuze, amauza apongozi ake aakazi, iwo n'kundifikitsira. Ine zimenezi ndinkazinyadira. Ndinkauza anthu kutchalitchi mokweza kuti a kwanu apongozi amakugwirani paphewa, wanga amadziwa mwambo.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikuyesa thanki. Ndinathira ndowa zitatu pa chitsekerero chachikulu, pachigamba panali gwaa, ngakhale dontho. Koma nditaipendeketsa kuti nditaye madzi, ndinaona akutuluka pena. Pamwamba, chakumbuyo, panali kapaipi kakang'ono ngati bango, kotseguka, kopanda chitsekerero. Pambali pake panali kapepala kachikasu ka zilembo zofiira. Zilembo ndimazidziwa chimodzichimodzi, koma zikagwirana manja m'Chingerezi zimandithawa. Ndinaganiza kuti ndi dzina la kampani. Kufunsa mpongozi kuti andiwerengere, pamaso pa mlendo wa ku Zambia, ine mmisiri? Ndinabwezera chitsulo pamoto.

ANambewe anasuzumira ali pakhomo la kukhitchini, anaona kumene ndaloza chitsulo, ndipo anakokera aNangozo pambali. Zimene ananena ndinazimva pambuyo pake. Anati amayi, auzeni asatseke pamenepo, palembedwa kuti ndi potulukira mpweya, akatseka thanki iphulika. Mawu omveka bwino. Koma aNangozo akhala nane zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo amadziwa mmene ndimalandirira mawu oti “musachite.” Ndiye anawasenda, anawatsuka, anawathira mchere, n'kubwera nawo.

“Bambo a Limbikani, akuti kapaipiko mwina kali ndi ntchito yake.”

Ndinayankha mokweza kuti mwini mawu amve yekha, osavutitsa wamthenga. Ndinati bowo pa chotengera madzi ntchito yake ndi imodzi, kudontha. A Zulu anati ni zoona, mudala.

ANangozo anabwerera kukhitchini, kunamveka manong'onong'o, ndipo anabweranso. Ulendo uno akuti mwina ndidikire Limbikani. Ndinati Limbikani ndinkamusambitsa m'beseni lokhoma ine, ndidikire chiyani kwa iye? Ndinatsina kapaipi kaja ndi pulayala yamoto, ndinathirapo botolo lomaliza la a Barry, ndinasalaza. Ndinatseka bwino kwambiri. Mpongozi anayesa kuimbira mwamuna wake, koma kuntchito kwawoko mafoni amawatsekera m'malokala mpaka poweruka.

Ndinabwezera thanki m'malo mwake, ndinamanga mapaipi ndi malamba, kotsekedwa kuja kunapita chakukhoma kosaoneka. Ndinauza amayi kuti ayambe kulongedza. Analowetsa matiresi, mabulangete, zovala zathu za pa Sabata, thumba la mpunga ndi mabuku a nyimbo a kwaya amene aNambewe anapatsidwa kuti anyamule.

Limbikani anafika cha m'ma folo koloko. Ndinamulandira pa geti, ndinamugwira mkono, osamupatsa mpata ngakhale wovula jekete. Mkazi wake ankamukodola ali pawindo, ine ndinkamukokera ku kalavani. Anatukula thabwa, anaunika ndi foni, anasisita chigamba ndi chala. Kenaka anafunsa ngati ndachita ndekha, ndipo nditavomera anagwedeza mutu pang'onopang'ono monga amachitira munthu akaona chimanga chabwino m'munda mwa mnzake. Kugwedeza mutu kumeneko ndi kumene ndinkafuna miyezi itatu yonse. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi nkhani ino ndikuinena mosiyana.

Koma ndinati tidzaze aone. Pothirira madzi pali kunja, pakhoma la kalavani. Limbikani analowetsa paipi yothirira maluwa, a Zulu anatsegula mpopi wa kuseri kwa nyumba. Madzi analowa pang'ono, kenaka anayamba kubwerera, akuchita kulavula ngati mwana wokana phala. Limbikani anakwinya nkhope, anati sizichita chonchi. Nthawi yomweyo mkazi wake anamuitana ndi dzina lake lenileni, zimene sachita pamaso panga, ndipo iye analowa m'nyumba.

Ine ndinaona kuti vuto ndi laling'ono: paipi ikugwedera pakamwa. Munthu wa ku Ntcheu sayenda opanda mphira, ndipo ine ndinabwera nazo zinayi m'sutukesi, zodula ku chubu cha njinga. Ndinakulunga paipi ija, ndinaikanikiza, ndinamanga ndi mphamvu zanga zonse mpaka sipakanadutsa ngakhale nyerere. Ndinauza a Zulu kuti atsegule mpopi wonse. Kulavula kunatha. Ndinaima manja m'chiuno, ndikuyang'ana kwa a Barry amene anali atabwerera pampanda ndi kapu yawo.

ANangozo anali mkati, atakhala pampando uja akupinda mabulangete.

“Bambo a Limbikani, mpandowu ukukwera.”

“Ndi bipi yanu imeneyo. Mwamwa mankhwala?”

“Ndikuti ukukwera. Mapazi anga achoka pansi.”

Ndinasuzumira pakhomo. Zinali zoona. Thabwa linali litatukuka, mayi a kunyumba ali pamwamba pake ngati mfumukazi pa machira, ndipo pansi pankamveka kulira kwa chinthu chimene chakhuta koma akuchikakamizabe. Kumbuyo kwanga ndinamva Limbikani akuthamanga, akukuwa kuti tsekani, tsekani, mkazi wake ali pambuyo. A Zulu anali atachoka pampopi kudzaonerera nawo.

Kulira kwake sindingakulembe. Anthu a nyumba yachitatu anatuluka. Thanki inang'ambika m'mbali monse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, thabwa linagwa, aNangozo anatsika nalo, ndipo madzi anatuluka pakhomo la kalavani n'kutipeza ine, Limbikani ndi mkazi wake titaima mondondozana. Paipi nayo inasolola mphira zanga n'kuyamba kuvina yokha pa kapinga, ndipo inasankha a Zulu. Buku limodzi la nyimbo linatsika pa sitepe likuyandama, lili chotsegula.

ANangozo sanavulale, tithokoze Mulungu. Anatuluka chitenje chikudontha, anandidutsa osandiyang'ana, n'kunena kwa mpongozi wawo kuti akatenge mataulo. A Barry anayesetsa kudzigwira, koma zinawakanika, mpaka analowa m'nyumba kukasekera kumeneko. Limbikani anatulutsa thanki ija, anaitembenuza, anaona kapaipi kotsekedwa, anawerenga kapepala kachikasu, n'kundifotokozera motsitsa kuti madzi akamalowa mpweya umafuna potulukira. Ine, pofuna pothawira, ndinafunsa kuti nanga anthu odziwa kuwerenga anali kuti.

Mpongozi anagwada pa kapinga ponyowa paja. “Ndinanena, ababa. Ndinadzera kwa amayi.”

ANangozo anati nawonso ananena. Ndinati munati mwina. Iwo anati zaka makumi anayi ndi zisanu mawu opanda mwina sanalowepo m'khutu mwanga. A Zulu, akufinya malaya, anatsegula pakamwa kuti avomereze monga mwa nthawi zonse, koma anazindikira kuti sakudziwa avomereze uti, ndipo anatseka.

Madzulo onse tinakhala tikuyanika. Matiresi pampanda wa a Barry, mabulangete pa chingwe, mabuku a nyimbo tsamba ndi tsamba ndi makina oumitsira tsitsi. Mpunga tinauyala pa tebulo. Ku Wales tinapita ndithu, ndi madzi a m'zigubu monga ananenera mwini wake poyamba, koma matiresi anali asanaume. Kalavani imene anagulira mawondo a amayi ake inasanduka mosungira katundu, ndipo aNangozo anagona m'tenti yobwereka, pa kamatiresi kopopa, ine ndili pambali pawo ndikumvetsera mmene akubuulira potembenuka. Kwaya inaimba ndi mabuku otupa ngati mandasi. Nkhani inali itafika kale (a Zulu ndi aulemu, koma foni yawo ilibe ulemu), ndipo amuna ena ankandipatsa moni wakuti, “Amisiri, madzi akuyenda?”

Chimene chinkandiwawa si chimenecho. Limbikani sananene kanthu. Sanakalipe, sanaseke. Ulendo wonse wopita ndi wobwerera ankangofunsa ngati ndamva ludzu. Ndinadziwa kuti basi, ndabwerera pampando, ndipo ulendo uno ndi mpaka tsiku lokwera ndege. Ndinayamba kuphunzira kukhala pansi ndisanauzidwe.

Ngati mukufuna phunziro, ndilibe lambiri. Mpaka lero ndimaona kuti munthu wopanga chotengera madzi n'kusiyapo dala bowo anayenera kulemba m'zinenero zingapo. Ndimaonanso kuti ulemu ndi wabwino, koma mawu akadutsa m'makomo awiri amafika atavula nsapato.

Lachitatu thanki yatsopano inafika m'katoni. Limbikani ataweruka anainyamula n'kupita nayo kuseri. Ndinamuona pawindo atagwada pa yakale ija, akulowetsa sikuludiraiva m'mphepete mwa chigamba changa, akukanikiza mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Anayesa mbali ina. Anamenya ndi hamala. Kenaka anandiitana. Nditatuluka ndinapeza katoni ili pakati pa kapinga, zitsulo zili pamwamba pake, ndipo pambali anaikapo mpando wa kukhitchini.

Anati, “Ababa, chigamba chanu chakana kuchoka. Thanki yonse yatha, chatsala chokhacho. Iyi yatsopanoyi muike ndinu, ine mapaipiwa amandisokoneza. Koma pampandopa pakhala mpongozi wanu, ndipo akaona kanthu alankhula ndi inu. Amayi apume.”